Ulusi Wagalasi

Folo koloko, kunja kwada kale.
Southampton wavala chikhoti chake chonyowa,
ine ndili pansi, m'labu yopanda zenera,
ndikusenda kaulusi kagalasi
kowonda ngati tsitsi lotsalira pachipeso.
Kakathyoka sikalira ayi.
Umangoona kuti m'zala mulibe kanthu.

Dokotala Ellwood amati ndisamapumire pafupi nako.
Milungu itatu manambala akundinamiza,
ndinkadzuka pakati pa usiku kusaka pomwe ndalakwa,
mpaka Farida wa tebulo la pakona
anabwera ndi kathonje konyowa sipiriti
napukuta kunsonga kwa ulusi, kamodzi kokha.
Kanali kachitsotso.
Tinaseka, kuseka kwanga kunakhota n'kukhala misozi,
iye anandibenthulira bisiketi osafunsa kanthu.

Patebulo panga pali mipukutu iwiri,
utali wake ngati kuchoka ku Lilongwe kukafika pa Dedza,
koma ndimaifukata pachifuwa ngati mapasa.
Kuwala kumalowa uku kutasenza mawu a khamu,
kukatuluka uko kuli wefuwefu, kutawonda,
ndipo digiri yanga yonse ndi kukufunsa:
wataya chiyani m'njira?
Wakumana ndi yani?

Bambo anakwera mapolo a Positi Ofesi zaka makumi awiri,
lamba m'chiuno, pulayazi m'thumba lakumbuyo,
kulumikiza mawaya amkuwa
omwe akuba ankadula usiku kukasula zibangili.
Lero amakwera pachulu kuseri kwa tchalitchi ku Lobi,
pomwe netiweki imaima ndi mwendo umodzi.

Lamlungu anaimba.
"Ndaziona?"
Ndikati ndiyankhe, nawonso ayamba.
Tonse tasiya.
Tonse tikudikira,
ngati anthu awiri opatsana ulemu pakhomo lopapatiza.
Kampata kameneka ndikukadziwa dzina,
ndingathe kukalemba pabolodi,
kukayeza mpaka kachidutswa ka sekondi.
Kukadziwako sikukafupikitsa.

"Ndiye ukuti mawu akuyenda m'galasi?"
"Eya, bambo."
"Osasweka?"
"Osasweka."
"Nanga akuba?"
"Galasi lake alibe koligulitsa."
Anaseka, chifuwa chija chinabwera pambuyo pa kuseka,
ndinamva mbuzi, ndinamva mphepo,
theka la funso lokhudza jekete,
kenako zii.

Mwina mayunitsi. Mwina batire.
Mwina anangosuntha phazi.

M'pepala lomwe ndikulemba
chilichonse chosafunika timachitcha phokoso,
timachisefa, kuti uthenga utsale woyera.
Koma mbuzi ija ndaisunga.
Mphepo ija ndayenda nayo sabata yonse,
m'basi, m'laibulale, pamzere wogula buledi wotsika mtengo
uja amamata kapepala kachikasu ikakwana eyiti.

Tsopano ndavala magalasi oteteza maso, ndayatsa leza.
Kuwala kwake sikuoneka,
kungakuwotche diso uli chiyang'anire osadziwa.
Umatchinga ndi kakhadi,
ndipo pakakhadipo pamatuluka kadontho,
kamodzi, kofiira,
kunena kuti ndilipo, ndakhala ndilipo.

Ndinawalembera: jekete ndinagula, musadandaule.
Chizindikiro chimodzi chotuwa,
uthenga wachoka koma sunafike.
Ndinaika foni chafufumimba pafupi ndi maikulosikopu.
Ndalumikiza ulusi kasanu,
kachinayi ndiye kanatheka bwino,
makina akuti sindinataye pafupifupi kalikonse.
Ellwood adzangoti "osati zoipa", ndiko kuyamika kwa kuno.

Naini koloko mlonda Gethin akugwedeza makiyi.
Kunja kamvula kaja kopanda bingu,
kosanunkhira dothi.
Kudoko sitima yaikulu ikulira ngati ng'ombe yotsekeredwa,
ndipo pansi pa nyanja zakutali
ulusi wonga wanga wagona m'matope,
kuwala kukuthamanga mumdima nsomba osadziwa.

Pa siteji ya Burgess Road thumba lanjenjemera.
Zizindikiro ziwiri.
Kumeneko ndi leveni koloko usiku,
ndipo munthu wa mawondo otupa
ali pachulu, mkono m'mwamba.