Usanakwere Sitima ya Pamadzi, Nangozo

Nangozo, siya kaye kabichiyo, sendera kuno,
basi ya ku Lilongwe isanaime.
Ndamva mwana wako wa ku Debeni wakugulira tikiti
ukaone madzi amchere amene ndinaona ine chaka chatha.
Khala pathumba la kachewerepo ndikuuze,
zimene zinandigwera ine zikakulambalale.

Juzi usasiye.
Zithunzi za anthu ogona padzuwa zisakunamize,
usiku mphepo ya pamadzi imaluma
kuposa Juni wa pa Lizulu pano.
Langa ndinalisiya pamsomali, ati ndikaoneke wamakono.
Ndinkatuluka nditafunda thaulo la eni ake.

Mankhwala ako a mtima asalowe m'sutikesi.
Katundu amakulanda pakhomo, amakupeza dzuwa litapendeka.
Aike m'kachikwama ka m'khwapa, pamodzi ndi pasipoti.

Tsiku loyamba pansi padzakukana.
Mimba idzakwera kukhosi
ngati uli kumbuyo kwa lole yotsika Khwekhwerere.
Usadzitsekere m'chipinda.
Tafuna jinja, kwera pamwamba,
ponya maso uko madzi akumana ndi thambo,
mzere umenewo wokha ndiwo sugwedezeka.

Adzakupatsa kakhadi.
Ndiko kiyi, ndikonso chikwama,
koma sikapepuka m'manja ndalama zikamatha.
Chakudya n'cholipiriratu, idya.
Zakumwa zovala kaambulera, funsa kaye.
Ine ndinamwa zinayi ndikuyesa ulemu wa alendo.
Sungeni ataona pepala la ngongole
anangoti, Amayi.
Matumba awiri a kachewere, Nangozo,
anatsikira pakhosi panga ndi kamsuzi ka chinanazi.

Pagome safunsa anadya phula.
Ndinatapa zoyera ndikuti ndi bowa,
zinali nkhono za m'madzi.
Tapa pang'ono, mphika wake sutha,
mawa uliponso, ngakhale pakati pa usiku.

Nambala ya chipinda ilembe padzanja.
Makonde ake ndi ofanana ngati mizere ya m'munda wa esiteti.
Ndinagogoda kwa mzungu wina kawiri,
kachitatu anandiperekeza yekha.

Akakuitanani kophunzira kuvala jekete loyandamitsa,
pita, usati ndatopa.
Ife a kumapiri madzi timawadziwira m'ndowa.

Foni itseke, kapena idzadya mayunitsi uli mtulo.

Tsono ichi umvetsetse.
Sitima ikaima padoko n'kukuuzani folo koloko,
ndi folo koloko.
Si minibasi yodikira kudzaza,
kulibe kondakitala woti umukuwire.
Ndinaona abambo awiri akuthamanga ndi majumbo,
akukupiza zipewa m'mphepete,
ife tikutalikira, madzi akukula pakati pathu.
Mkazi wa mmodzi anali pambali panga, atagwira nsapato zake.

Woyala bedi umulonjere.
Wanga anandimva ndikudandaula ndekha za bondo,
anayankha, Pepani mayi.
Ndinakhala pansi.
Fausitino, wa ku Ulongwe, tsidya la msewu womwewu,
miyezi isanu ndi itatu osaponda dothi.
Anandifunsa ngati mapichesi apsa.
Potsika ndinamupatsa kangachepe m'manja,
iwe ukamutengere mtedza wokazinga,
kaya ukamupeza.

Usiku wina udzuke wekha, utuluke.
Kulibe phiri, kulibe galu wouwa,
kulibe nyali ya munthu ngakhale imodzi.
Ndinafunafuna Chirobwe mbali zonse zinayi,
ndinapeza nyenyezi zokha, zofika mpaka pansi.
Ndinalira pang'ono, sindikudziwa chifukwa,
kenaka ndinamva njala.

Ukabwera usadabwe.
Masiku atatu msika uno unkayendayenda pansi panga,
anthu ankati Nachuma wayamba kachasu.

Basi ija ndi iyo. Nyamula beseni.
Za kuvina kwa azungu ndikuuza madzulo.