Nsinjiro, Theka la Supuni

Foni yanga ili ndi mng'alu pakona,
inagwera pa sikelo tsiku la msika pa Kamwendo,
koma m'menemo ndimo tikusunga pakamwa pa mwana.
Mlamu wanga ndiye anatiikira kapulogalamuko:
lemba chomwe wadya, nthawi yake, kuchuluka kwake,
udikire masiku atatu usanayese china.
Ine, munthu wosatha kudikira ngakhale chenji.

Lolemba, phala lamgaiwa losefa. Supuni ziwiri,
imodzi inathera pachibwano.
Kabokosi kakufunsa: wasanza? Ayi.
Watupa? Ayi.
Kabokosi kolembamo nkhope imene anachita
pozindikira kuti dziko si bere lokha
sanakaikemo.

Nthochi: anakwinya mphumi ngati wakatapira.
Dzungu: anamenya mbale.
Peyala linafika m'tsitsi, m'khutu,
ndi pa malaya anga a Lamulungu.
Timadontho tobiriwira tinandanda pagalasi
ngati mzere womera bwino, wosafuna kupakiza.
Ndinayamba matama. Ndinkaonetsa anzanga ogula mbewu.

Lachinayi, 7:40, nsinjiro. Theka la supuni.
Chalimbana wa m'munda mwathu,
yemwe anakhoma malata a nyumba ino,
yemwe anagula ndi foni yomweyi.
7:55, Sungeni akudzikanda khosi.
8:02, milomo ija si yake.
Zikope zikufufuma, maso akubisala.
Amake akukuwa dzina langa lonse, la pachitupa,
ine chala chili njenjenje pa kabokosi kofiira
ngati kudina n'kuchiza.
Anandilanda foni, n'kundipatsa mwana.

Wakabaza sitinamufunse mtengo.
Mphepo ya mu Julaye, fumbi m'mano,
khutu langa pa kachifuwa kake
kumvera kaluzu kopyapyala kamene sindinakamvepo.
Msewu wa ku boma ndimaudziwa dzenje lililonse
koma tsikulo wina anauwonjezera.

A Kambalame, ovala zoyera, anafunsa:
wadya chiyani, nthawi yanji?
Malovu anandithera. Amake anatulutsa foni,
batire itatsala kamzere kamodzi,
mng'alu uja utadula pakati mawu oti nsinjiro.
Anawerenga. Anaitanitsa jekeseni.
Ziwengo, anatero pambuyo pake, akusamba m'manja.
Mtedza ayi, mpaka tidzamuonenso.

Mtedza ayi.
Pa Kamwendo.
Kumene makoko ndiwo mchenga wa pabwalo,
kumene ndiwo zosatendera timapepesa nazo alendo.

Matumba ndinasamutsira kwa achimwene.
Ndikaweruka ndimazungulira kuseri,
kuvula malaya, kusamba mpaka m'zigongono,
kukolokosa m'zikhadabo ndi kamtengo ka machesi,
iye ali pakhomo, manja m'mwamba, kudabwa
kuti bambo ake ayamba liti kuchedwa chonchi.

A Nangondo a kuseri kwa chigayo akuti,
mwana wa mlimi wa mtedza n'kudana ndi mtedza?
Muzimulawitsa pang'onopang'ono, azolowera,
zinazi n'za m'foni.
Sinditsutsana nawo. Ndimatsegula Lachinayi lija,
chithunzi chomwe amake anajambula tili pabenchi.
Amayang'ana, n'kubweza foni ndi manja awiri.

Sindikudziwa amene anapanga kapulogalamuka,
kaya anauonapo mtedza uli ndi dothi.
Mawu ena a m'menemo timachita kufunsa.
Chomwe ndikudziwa, kamakumbukira
pamene ine mutu wasanduka chitini chopanda kanthu.

Madzulo ano ndi dzira, kachikasu kokha,
kunsonga ya supuni.
6:10.
Takhala tonse awiri pamkeka, wailesi tazimitsa,
ndalama ya kabaza ili pansi pa kapu.
6:25, akukoka chingwe cha chaja.
6:40, wageya, waseka yekha.
Amake akumukweza kamalaya, kuyendetsa tochi pamsana
ngati wosankha mbewu yoola pa lichero.
Palibe.

Kabokosi kobiriwira kakudikira chala changa.
Kadikire.
Ndidina kukacha.