Ukafika ku Libala

Zelipa, mwana wa mlongo wanga,
ukatsika basi ya ku Katete
usaime kukamwa yasa ngati wataya mbuzi.
Chikwama chikhale kutsogolo, pamimba.
Funsa za ku Libala.
Anyamata oitanira adzakukoka atatu nthawi imodzi,
koma iwe kwera imene yadzaza kale;
yopanda anthu imagona pa siteji mpaka dzuwa kupendeka.

Mudzadutsa Kabwata. Suzumira pawindo.
Tinyumba tozungulira tija, tofolera udzu,
anamangira amuna odzagwira ntchito m'tauni ya azungu,
amuna okhaokha, akazi atsale kumudzi ndi makasu.
Agogo ako anagonamo zaka zinayi
miyendo itapindika ngati mpeni wa m'thumba.
Lero amagulitsirapo ziboliboli,
ng'ona za mtengo zosaluma munthu.

Tsika pa mtengo wa mapeyala
umene a magetsi anaumeta mbali imodzi.

Kale ndikanakuchenjeza kuti uwerenge manambala,
chifukwa khonsolo inaumba nyumbazi m'chikombole chimodzi:
khonde lofiira ndi polishi, mpopi kuseri,
mpanda wa maluwa wolekeza m'chiuno.
Woledzera ankalowa kwa eni ake
n'kukalipa kuti mwasunthiranji mipando.
Ine ndinali wowerenga mamita a madzi,
zaka makumi awiri ndi zitatu, pensulo kukhutu.
Galu aliyense ndinkamudziwa dzina,
ndinkadziwa kumene mpopi ukudontha,
kumene banja likudontha,
kumene a Namwinga ankabisa kachasu m'ndowa ya zochapa.
Mchere unkadumpha mpanda m'kasupuni
n'kubwerera uli tomato.

Ndiye chinafika chaka chija anati gulani nyumba zimene mukukhalamo.
Tinavina mumsewu, fumbi koboo.
Kutacha aliyense anaitanitsa mabuloko.
Makoma anakwera kupitirira munthu,
mabotolo osweka pamwamba ngati mano a fisi,
kuseri kwa nyumba kunabadwa tinyumba ta lendi
pamene panali mpiru ndi nzimbe.
A Sakala tinkagawana nawo khoma ndi nyuzipepala,
koma za maliro awo ndinamva pa foni
kwa mwana wawo wa ku Kitwe.

Usaope, zinthu zilipo.
Kiliniki ilipo, koma ulawire,
mzere wake umadzuka tambala asanaganize.
Msika uli pafupi; kapenta ugule kwa mayi Tisauke,
mbale yawo siyobenthuka pansi.
Sukulu imene udzaphunzitseko ndi ulendo wa fodya mmodzi,
ana ake amayankhula zinenero zinayi m'chiganizo chimodzi
ndipo adzaseka Chichewa chako kuti n'chozama,
uwalole, mwezi ukatha adzakubera mawu.
Pamene ankathamangitsa mpira wa mapepala ana anga
pano amatsukirapo magalimoto.
Malo amene ndinkamwera chibuku ndi tchalitchi tsopano,
phokoso lake ndi lomwe lija, angosintha nyimbo.
Tizisakasa ta ndalama za pa foni
tamera ngati bowa, tofiira, tachikasu, tobiriwira.
Magetsi amabwera ngati mkamwini waulesi,
osalonjera, osatsanzika.
Madzi ukawamva akutsokomola mumpopi usiku,
dzuka, tchera zigubu zonse,
ndi ine wa mamita ndikukuuza.

Mwezi wa Okutobala jakaranda amathira maluwa mu ngalande
ndipo kwa sabata ziwiri timakhala ngati olemera.

Tsono ukakhota pa ometa tsitsi,
werenga mageti achitsulo asanu ndi limodzi:
lakuda, lakuda, lobiriwira, lakuda,
lina lolembedwa za galu amene anafa kalekale,
lina losatsegulidwa chichokereni eni ake ku Joni.
Kenako udzaona mpata ngati dzino loguluka.
Ndi pamenepo.
Anthu amati Daka anakana khoma, ndi munthu wa nzeru.
Bodza. Penshoni inathera pa mzere wachitatu wa mabuloko.
Pamenepo ndi pamene ndimakhala madzulo,
odutsa amapumirapo, ena amasiya nkhani, ena makoko a mtedza.

Usagogode.
Palibe chogogoda.
Ungodumpha.