Muyeso wa Lufeyo

Anafika atatu ku Mchesi, utuchi usanayambe kuuluka,
atanyamula chingwe chomanga mfundo kumapeto.
"Utali wake ndi uwu."
Lufeyo wa kabaza, amene lole ya simenti
inamupeza dzulo pa mlatho wa Lilongwe
thumba la makala lili kumbuyo.

Ine ntchito yanga ndi matabwa.
Ndinayala chingwecho pa thabwa la paini,
pensulo kukhutu, maso pansi.

Anayamba ndi mkulu wake, Gelesomu wa Sabata,
tayi ili pakhosi, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo:
"Musalire ngati wapita kutali.
Wagona. Njala sakuimva, kutentha sakukumva,
sakudziwa n'komwe kuti lero ndi Lachitatu.
Lipenga likadzalira adzadzuka."

"Wagona?" anatero mayi Nangondo, azakhali,
a tchalitchi cha m'tenti ku Chilinde.
"Munthu wa kachasu, wa bawo Lamulungu,
mukuti wagona?
Moto uja suzima, mwana wanga,
ndipo sufunsa ngati unkagulira ana mandasi.
Ndinamuuza. Kawiri konse ndinamuuza."

Lande yanga inkangodya thabwa, fwee, fwee,
kulavula timapande topota ngati tsitsi la khanda.

Elufe, mkazi wake, sanayang'ane munthu.
Kolona m'manja, zala zikuyenda zokha.
"Alipo malo apakati," anatero chapansipansi,
"kotsukira anthu ngati iye,
amene sanali oyera, koma sanali chilombo.
Ndikamuperekera Misa. Wailesi ndigulitsa."

Pamenepo mavesi anatuluka m'matumba,
ili apa, ilo apo, malovu pachala, masamba phe-phe-phe,
ngati oitanira minibasi pa depoti
olimbirana wokwera mmodzi,
uyu wagwira mkono, uyo wagwira chikwama:
kwera kuno, Lufeyo, yathu ndiyo ikunyamuka.

"Akalipentala, inu mwaona akufa ambiri. Tiweruzeni."

Ndinalavula msomali m'dzanja.
Ine ndimawaperekeza mpaka pa chivindikiro, ndinatero,
kuseri kwake tepi yanga sifika.

Sindinawauze za kabokosi kaja
kamene sikanamalize ngakhale thabwa limodzi,
ka Ndaziona wanga, wa zaka zitatu, malungo a usiku umodzi.
Abusa anati ali kale pamiyendo ya Mbuye.
Wina kuseri kwa nyumba anati, koma anabatizidwa?
Wina anati ali mtulo, musamusokoneze.
Ine ndinamvera onse.
Ndinamuikira kabulangete,
poti ngati n'kugona, Juni wa ku Kawale amaluma,
ndinamuikiranso timasilipasi take tobiriwira,
poti ngati n'kuyenda, njirayo sindikuidziwa,
mwina ili ndi minga.

Zaka zisanu ndi zitatu tsopano.
Sanabwere kudzandiuza chimene anagwiritsa ntchito.

Vanishi atauma ndinatchula mtengo.
Apo pokha mipingo itatu inayimba nyimbo imodzi:
"Yadula! Tsitsani, bambo, ndi maliro awa."
Ndinatsitsa.

Ananyamula onse,
wa tulo kumutu, wa moto kumiyendo,
wa malo apakati atagwira pakati pomwe,
kukweza pa galimoto yobwereka yopita ku mochale.
Mkangano unakwera nawo, unakhala pa bokosi.

Injini italira Elufe anatsikanso, nabwera kwa ine.
"Mwasiyako kamalo kumapazi?
Amadana ndi kufinyika, amagona chotambalala."
Ndinati ndasiya zala zitatu, mayi,
ndimasiyira aliyense.

Chingwe anachiiwala.
Ndachipachika pa msomali pamodzi ndi zinzake,
zazitali, zazifupi, china chachifupi zedi.
Mphepo ikadutsa madzulo zimagwedezeka pang'ono,
ndipo ine ndimatseka shedi
osazifunsa kanthu.