Chitolokosi cha Matabwa

Anandilipira kuti ndikumbukire.
Mayi Drozdowa anafika ku Gdańsk pa sitima ya m'mawa
nayala mapepala patebulo la mlongo wanga,
pakati pa mchere ndi nyenyeswa za buledi.
Ndinasaina katatu.
Ku Guayaquil ndinasainanso katatu,
kungoti uko pepala linali m'Chisipanishi
ndipo cholembera anandilanda ndisanachivundikire.

Ku Łódź, m'fakitale yakale yowombera nsalu,
akalipentala anamanga chitolokosi changa
nandiitana kuti ndikachione.
Ndinatambasula manja, zala osakhudza makoma.
Ndinati, chakula ichi, sendezani khomali.
Iwo amvekere, nanga kamera idzera pati?
Ndinati ifenso tinkafunsa choncho za mphepo.
Anapaka utoto wa nkhungu, wokongola ndithu,
anagula ndowa yatsopano n'kuisasantha ndi nyundo
kuti ioneke ngati yaona zambiri.
Fungo lokha ndi lomwe linawakanika.

Mnyamata woti adzakhale ine, Radomił,
anadzimana chakudya miyezi inayi.
Ankandisuzumira m'kamwa ndikamatafuna:
dzino ili linapita bwanji?
Anaphunzira kugona chammbali atatsamira nsapato,
anaphunzira chifuwa changa.
Tsiku lina anali patsogolo panga mumsewu,
mapewa ali khwinyaa, akuyenda chotsatira khoma,
ndipo ndinamumvera chisoni munthu ameneyo.

Kenaka ndalama zinayamba kutsimphina.
Za ku Berlin zinkadikira za boma,
za boma zinkadikira chisankho,
wolemba ndi wotsogolera anasiya kupatsana moni
pa nkhani ya Wilmer: afe pakati kapena kumapeto?
Wina anati asafe n'komwe, oonera sakonda maliro.
Wilmer anafa Lachiwiri, mvula ikuboola malata,
mutu wake uli pantchafu panga.
Anandipempha ndudu.
Ndinali nayo imodzi m'sokosi, ndinati ndilibe.
Izi sindinawauze.
M'mapepala awo, tsamba la makumi asanu ndi awiri,
ndimamuyatsira.

Kundende ndinakhalako zaka zisanu.
Kanemayu ali m'chaka chachisanu ndi chiwiri.
Masana ndimawotcherera zitsulo padoko,
foni ikalira ndi nambala ya ku Warsaw
msana umawongoka wokha
ngati m'bandakucha uja potiwerenga.
Chilimwe chikubwerachi, bambo Ludomir, kwatsala pang'ono.
Loya wanga ankatero ndithu,
akupukuta thukuta ndi tayi.

Radomił ananenepa.
Amamwetulira pa wailesi yakanema, akutsatsa supu wa m'mapaketi,
mano onse alipo.
Mkazi wa Wilmer, Eufemia, amalemba pa Khirisimasi
m'zilembo zikuluzikulu kuti ndimve:
mwamuna wanga atuluka liti?
Amanena kanemayo.
Akuti anagula kale diresi lodzaonerera.

Mu Febuluwale ndinakwera sitima osauza munthu.
Chipale chofewa chinali chitatseka geti la fakitale.
Mlonda, nkhalamba yamagalasi omanga ndi waya,
anandilowetsa nditamupatsa kabotolo.
Chitolokosi chilipobe, kuseri kwa mipando ya sewero lina.
Nkhunda zamanga pa zitsulo za pawindo,
zitsulo zake zamtengo.
Nkhungu yeniyeni yamera pamwamba pa yopenta ija.
Chitseko ndinachikankha ndi chala chimodzi.

Ndinavula nsapato n'kutsamira.
Pabedi lam'mwamba, la Wilmer, pomwe sanagonepo munthu,
ndinaikapo ndudu ndi machesi.
Ndikanakonda kunena kuti ndinalira,
koma ndinagona tulo, tulo tofa nato,
toyamba chibwerereni kuno.

Anandidzutsa ndi tochi kumaso.
Ndinadzambatuka, manja kumbuyo,
nambala yanga ili kale pamilomo m'Chisipanishi.
Mlonda uja anayang'ana pansi, nakanda chibwano.
Bambo, anatero, tulukani.
Ndikufuna kutseka.