Mlingo wa Murta

Ximena atakwera basi ya ku Santiago
anandisiyira zinthu zitatu:
ambulera yothyoka nthiti,
ngongole ya magetsi,
ndi kalulu wa khutu limodzi logwa, dzina lake Murta.

Kuno ku Valdivia mvula siodira.
Imagwa Lolemba, imagwabe Loweruka,
ndipo munthu wotsala yekha m'nyumba ya matabwa
amayamba kucheza ndi chilichonse chopuma.
Ine ndinkacheza naye ndi buledi.
Pa tiyi wamadzulo iye ali paphazi panga,
kamphuno kakugwedera ngati kakunena pemphero.
Ndikanyema, ndimpatse.
Nthochi, ndimpatse.
Bisiketi, theka iye, theka ine.
Ndinkati ndicho chikondi.

M'mawa wina sanabwere.
Ndinampeza kuseri kwa mbaula ali duu,
mbale yake yosakhudza,
pansi popanda n'kandowe komwe.
Ndinamkulunga m'juzi yanga yakale,
ija ndinkavala ndikuyendetsa basi,
n'kuwoloka mlatho wa Calle-Calle mtima uli m'mwamba.

Dokotala Oyarzún, wamng'ono kuposa mwana wanga,
anam'sisita pamimba, anamuunika m'kamwa,
kenaka nkuti: Bambo Nibaldo, mumam'dyetsa chiyani?
Ndinayankha monyadira.
Iye sanaseke.

Anati mano a kalulu sasiya kukula,
chowapala ndi udzu wouma,
mulu wofanana ndi thupi lake, tsiku ndi tsiku.
Anati m'mimba mwake muli ngati mtsinje mwawolokawo,
ukangoima, zaipa.
Masamba obiriwira odzaza dzanja,
koliyanda, letesi wa masamba oderako,
timibulu ta m'sitolo masupuni awiri basi.
Nanga karoti? Anapukusa mutu:
kwa iyeyu karoti ndi switi.
Apozi, kachidutswa kosaposa chala chanu chachikulu,
njere muchotse, ndipo osati tsiku lililonse.
Peyala ayi, ngakhale kunyambita.
Peyala! Ife amene timapaka peyala pa chilichonse!
Za buledi ingoiwalani.

Ndinam'mwetsa phala la udzu pang'onopang'ono,
lambiri likuthera pamalaya anga.
Usiku wachitatu ndinagwada ndi tochi,
nkhalamba ya maondo olira ngati chitseko,
kuwerenga tindowe pansi pa mpando.
Tisanu ndi tiwiri. Ting'onoting'ono, touma, koma tilipo.
Ndinaimbira Ximena usiku womwewo.
Anati, Ababa, mwandidzutsa chifukwa cha ndowe?
Kenaka tonse tinangokhala chete pafoni,
aliyense akupukuta mphuno kwake.

Tsopano Lachisanu ndimatsikira kumsika wa m'mbali mwa mtsinje.
Mayi Eduvigis amandisungira masamba a karoti
amene ena amati adule, ataye.
M'sitolo ya ziweto ndimadutsa timapaketi tonyezimira,
ta uchi, ta chimanga chopaka utoto,
pachikuto pali kalulu womwetulira.
Sindiima. Wojambulidwayo alibe mimba.

Murta sanandikhululukire msanga.
Akamva mpeni pa buledi amabwerabe,
amaima ndi miyendo iwiri, khutu lija lili lende,
ndikati ayi, amamenya phazi pansi, phaa,
n'kundilozetsa msana.
Mawu akuti ayi ndi olemera
ukamauza amene umadya naye.

Pachitseko cha firiji pali pepala la kuchipatala,
lakhalapo chaka, likunena za shuga wanga.
Ndinkaliphimba ndi kalendala.

Lamulungu ndimadula apozi.
Kake kachala, kotsala nkanga.
Amakalanda n'kuthawira nako pansi pa tebulo
ngati pali wofuna kum'tsomphola.
Lero m'tiyi ndathira supuni imodzi m'malo mwa zitatu.
Sakukoma, ndisaname.
Ndikumwabe, mvula ikugunda malata,
iye ali pakona, mutu uli m'mulu wa udzu,
akutafuna, akutafuna,
kaphesi kamodzi kakulowa m'kamwa mpaka kutha.