Makiyi a ku Jeppe

Kiyi woyamba ndikadali naye.
Ngwa loko wadzimbiri amene tinkatsekera galaja
kuseri kwa shopu ya matayala ku Jeppe,
m'mene koleji yonse inali mabenchi anayi
ndi chitseko chakale chopaka utoto wakuda
chimene Mayi Sithebe anachitcha bolodi.

Tinkafika dzuwa litalowa,
alonda, ochapa zovala m'mayadi, okumba ngalande za mapaipi,
manja akununkhira sopo wa eni ake.
A Kamtedza, mtchona wa nthawi ya Theba,
chifuwa chodzaza fumbi la mgodi,
anati akufuna chinthu chimodzi chokha:
kulemba okha kalata ya ku Ntcheu
popanda mnyamata wowaseka pakati.
Pensulo anaigwira ngati chikwanje.
Inathyoka kawiri.
Kalata inanyamuka m'chaka chachitatu,
yankho linafika iwo atagona kale m'dothi la eni.
Ndinaliwerenga ndine, mokweza, m'galaja muja,
kalasi yonse ili chilili.

Kenako makiyi anakhala atatu.
Tinapatsidwa chinyumba chimene kale ankasokeramo maovolosi,
denga lodontha, nkhunda zikutiyang'ana m'mwamba.
Juni wa ku Joni sadziwa munthu.
Mayeso tinkalemba titafunda mabulangete,
magetsi akathima aliyense ayatse foni,
masamu n'kumapitirira.

Chaka china misewu inatentha.
Anabwera ndi zibonga kudzafunsa
kuti mlendo ndani muno.
Mayi Sithebe anaima pageti, choko chili m'manja:
muno muli ophunzira basi,
kaundula ndi uyu, werengani ngati mumatha,
ngati simutha, kalasi imayamba sikisi koloko.
Awiri anabweradi Lolemba lake, mitu ili pansi.
Mmodzi lero amaphunzitsa kuwotcherera.
Za tsikulo sitikamba.
Amandipatsa moni, ndimayankha.

Si zonse zinamera.
Kalasi ya ukalipentala inafa makina atabedwa.
Nomvuyo, amene ankatiposa tonse, analekera panjira
ya takisi itamukanika,
ndipo mpando wake ndinaupukuta miyezi iwiri
ndisanavomere.

Lero makiyi alipo makumi anayi ndi atatu.
Amandikoka lamba,
ndikamayenda m'khonde ndimamveka ngati ng'ombe ya belu.
Wa laibulale, wa chipinda cha makompyuta,
wa khitchini mmene anyamata amaphika zakudya
zimene lilime langa limakana kuzitchula,
wa chipinda chosiyako makanda amayi akamalemba.
Boma linabwera ndi chikwangwani ndi lumo lodulira nsalu.
Analankhula a masuti amene galaja sanaione.
Mayi Sithebe, maso atachita ng'ala,
anawakhazika mzere wachiwiri,
nandinong'oneza kuti ndikaone ngati zimbudzi zili ndi madzi.

Mwana wanga Mwatitha, wobadwira konkuno,
amene Chichewa chake chimatsimphina mwendo wa Chizulu,
watenga pepala la zamagetsi pano pomwe.
Akuti chaka chamawa zitseko zizitsegulidwa ndi kadi,
ine ndizingoyenda wopepuka.
Dzulo anagwira kiyi wakale uja.
Adadi, kachitsulo aka kamatsegula chiyani?

Galaja ija tsopano amametamo tsitsi.
Loko anatayidwa kalekale.
Ndinakonza kukhosi kuti ndimuuze za a Kamtedza,
za pensulo, za chitseko chakuda,
koma pageti panali mayi wina,
jumbo m'manja, nsapato zoyera ndi fumbi,
akufunsa motsitsa mawu, kuti ana asamve,
ngati wa zaka makumi asanu amaloledwa.

Ndinamuuza Mwatitha kuti adikire kaye.
Ndinayamba kufufuza pamulu paja
kiyi wa geti laling'ono.